Phunziro: Zomwe zimachitika klorini akakumana ndi mkodzo, feteleza ndi nsomba

Kolera amene anavutitsa dziko lonse mu 2022 ndi 2023 anayambira kwathu konkuno. Woyamba kupezeka naye anali bambo wina wa m'boma la Balaka amene anafika pa chipatala cha Machinga ku Liwonde kumapeto kwa Febuluwale 2022, ndipo pa 3 Malichi Unduna wa Zaumoyo unalengeza kuti mliri wabuka. Pamene unkazilala chaka chotsatira, anthu pafupifupi 59,000 anali atadwala ndipo oposa 1,700 anali atamwalira. Chiyambire nthawi imeneyo klorini sachokanso m'makomo mwathu. Ena tili ndi WaterGuard, ena timalandira wosungunula kale kwa alangizi a zaumoyo, ena timagula Jik pa golosale, ndipo m'makomiti a pa doko ndi a pa mjigo mumapezeka wa ufa uja wotchedwa HTH. Zimenezi n'zabwino, ndipo pasapezeke wowerenga phunziro ili amene asiye kuthira mankhwala m'madzi akumwa.

Koma pali mawu amene timawamva kawirikawiri pa chitsime ndi pa doko: "Madziwa akununkha mankhwala, ndiye kuti ali bwino." Mawuwa ndi amene tikufuna tiwaunike lero, chifukwa mphuno imatha kutinamiza. Klorini akalowa m'madzi momwe muli mkodzo, manyowa, feteleza kapena zotsalira za nsomba, amasandulika chinthu china chotchedwa kloramini. Chinthuchi chili ndi khalidwe lakelake m'ndowa, m'chimbudzi ndi m'damu la nsomba, ndipo mlimi ndi msodzi ayenera kulidziwa khalidwe limeneli.

Mphika wa pa mafuwa atatu

Tiyambire pa zomwe tikuzidziwa kale. Pa thumba la Urea pamalembedwa 46% N. Chilembo N chimenecho ndi nayitirojeni, chakudya chimene chimabiriwitsa chimanga ndi mpunga. Nayitirojeni yemweyo ali mu mkodzo, m'zitosi za nkhuku, m'ndowe, ndiponso mu mnofu wa nsomba. Zinthu zimenezi zikamawola, nayitirojeni amatuluka ngati amoniya. Fungo lolasa m'mphuno lija la m'chimbudzi chogwiritsidwa ntchito ndi anthu ambiri, kapena la m'khola la nkhuku losasesa, ndiye amoniyayo. Nsomba yamoyo nayonso imatulutsa amoniya nthawi zonse kudzera m'makha, momwe imapumira. Amoniya amasungunuka m'madzi msanga kwambiri ndipo sasintha mtundu wa madziwo. Madzi akhoza kuoneka mbee koma ali naye.

Akatswiri amalemba amoniya kuti NH3, kutanthauza kuti nayitirojeni mmodzi wagwirana ndi mahaidirojeni atatu. Tiyerekeze kuti nayitirojeni ndi mphika, mahaidirojeni ndi mafuwa atatu. Klorini akafika amachotsa fuwa limodzi n'kukhalapo yekha. Pamenepo pabadwa kloramini woyamba, NH2Cl. Klorini akachuluka amachotsa fuwa lachiwiri, n'kukhala NHCl2. Akachulukirachulukira, kapena madziwo akakhala owawasa ngati muli asidi, amachotsanso lachitatu, n'kukhala NCl3. Atatuwa ndi apachibale, koma amasiyana kwambiri pa nkhani ya kusungunuka m'madzi, ndipo kusiyana kumeneku ndiye mutu wa phunziro lathu.

Woyambayo amasungunuka bwinobwino ngati mchere mu ndiwo. Akalowa m'madzi sachokamo msanga, amatha kukhalamo masiku angapo. Wachitatuyo, akakhala payekha, ali ngati mafuta achikasu olemera kuposa madzi, ndipo sagwirizana ndi madzi ngakhale pang'ono. Akangopangika amathawira mu mpweya, ndiye amene amalasa m'maso ndi pakhosi. Wachiwiri ali pakatikati, sakhalitsa, ndipo ndi amene amaipitsa kwambiri kakomedwe ka madzi. Choncho mmodzi amativuta m'madzi momwe wabisala, winayo amativuta mu mpweya umene tikupuma.

M'ndowa ya madzi akumwa

Kloramini woyamba uja amapha tizilombo ndithu, koma amachita pang'onopang'ono kwambiri poyerekeza ndi klorini amene sanagwidwe ndi chilichonse. Pali mizinda ya kunja, monga Denver ku America, imene yakhala ikuthira kloramini dala m'mapaipi kwa zaka zoposa 100, chifukwa choti amakhalitsa ndipo amafika mpaka kumapeto kwa paipi yaitali. Koma kumeneko madzi amayamba ayeretsedwa mokwanira pa siteshoni, ndipo amakhala maola ambiri m'mathanki asanafike pa mpopi. Ife kuno timathira, timadikira mphindi 30, n'kumwa. Mphindi 30 zimenezo anaziwerengera klorini wamphamvu, osati kloramini. Ngati mankhwala onse amene tathira agwidwa ndi amoniya, nthawi imeneyo siikwana.

Tiyeni tichite kasamu pang'ono, sikovuta. Mlingo wa nthawi zonse wa madzi oyera umabweretsa pafupifupi mamiligalamu 2 a klorini pa lita iliyonse. M'ndowa ya malita 20 ndiye kuti muli mamiligalamu 40. Gawo limodzi la nayitirojeni wa mu amoniya limagwira magawo 5 a klorini. Ndiye kuti mamiligalamu 8 okha a nayitirojeniyo akwanira kugwira klorini yense wa m'ndowayo. Mamiligalamu 8 ndi chiyani? Ndi zomwe zimapezeka mu mkodzo wogonera wosakwana theka la kasupuni ka tiyi, kapena mu timibulu tochepa ta feteleza wa Sulphate of Ammonia totsalira m'ndowa imene tinanyamulira feteleza kumunda dzulo lake. Kugwirana kwakeko kumachitika nthawi yomweyo, tisanamalize n'komwe kuvundikira ndowa.

Ndiye taganizirani komwe ambiri a ife timatunga nthawi ya dzinja. Chitsime chosatetezedwa cha kudambo chimalandira madzi ochokera kukhola ndi kuzimbudzi zimene zasefukira. Mifuleni yochokera m'minda ya mpunga, kaya ndi ku sikimu ya Domasi kaya ndi m'madimba athu a m'mbali mwa Shire, imanyamula nayitirojeni masiku oyamba tikangothira Urea, pakuti Urea akakhala m'madzi a m'munda amasanduka amoniya pa masiku ochepa. Pa doko, madzi a m'mphepete ndi omwe timatsukiramo matemba, kutumbuliramo milamba, kuchapiramo ndi kusambamo. Ndipo abale athu okhala pa zimbowera za pa Chilwa, amene amatha miyezi osaponda kumtunda, chimbudzi chawo ndi nyanja yomweyo imene akumwa. Si zachilendo kuti mliri wa Disembala 2015 unayambira pakati pa asodzi a pa Chilwa, mpaka mu 2016 a Unduna wa Zaumoyo ndi a MSF anapita ndi katemera wakumwa m'madoko ndi pa zimbowera, ndipo asodzi ena anapatsidwa mlingo wachiwiri kuti akamwere konko.

Nyanja ya Chilwa ili ndi vuto linanso. Ilibe mtsinje wotulukira, choncho madzi ake ndi amchere pang'ono ndipo ali ndi mphamvu yonga ya chidulo chimene amayi amathira mu thelere. Akatswiri amayeza zimenezi ndi muyeso wa pH. Pa pH 7.5, theka la klorini wa m'madzi limakhala mu mtundu wake wakuthwa. Pa pH 8.5 limatsala gawo limodzi lokha pa magawo khumi. N'chifukwa chake malangizo a nthawi ya kolera amati madzi akapitirira pH 8, kudikira kukhale ola lathunthu. Kwa amene amamwa madzi a Chilwa, ife tikuti dikirani ola, musamawerengere mphindi 30 ayi.

Tibwerere ku nkhani ya fungo. Madzi oyera othiridwa mlingo woyenera amangomveka kafungo kochepa. Fungo lamphamvu lokhala ngati likuwotcha m'mphuno, ndi kukoma koipa kuja kumene kumachititsa ana kukana madzi, nthawi zambiri kumachokera kwa kloramini wachiwiri ndi wachitatu. Ndiye kuti fungo likakula chotero, mwina mwachulutsadi mankhwala, koma mwinanso likukuuzani kuti madziwo anali akuda ndipo mankhwala athera pa zonyansazo. Kloramini woyamba naye samveka fungo kwenikweni, moti ndowa ikhoza kukhala yopanda fungo lodetsa nkhawa pamene klorini wake yense wagwidwa. Mbali zonse ziwiri mphuno siingatiuze zoona. Chomvetsa chisoni n'chakuti mabanja ambiri amasiya kuthira mankhwala chifukwa cha kukoma koipako, n'kumati mankhwalawa ndi oipa, pamene vuto linali chitsime.

Pali chinthu chimodzi chodabwitsa chimene a zamadzi amachidziwa. Mukapitiriza kuwonjezera klorini m'madzi a amoniya, pamafika poti kloramini yense amaphwasuka, nayitirojeni n'kuuluka ngati mpweya wamba wosavulaza, womwe ndi umene wadzaza kale mumlengalenga. Kuti zifike pamenepo pamafunika magawo pafupifupi 8 mpaka 10 a klorini pa gawo limodzi la nayitirojeni. Kupitirira apo, klorini aliyense wowonjezera amakhala womasuka ndi wakuthwa, ndipo fungo loipa lija limachepa. Koma izi amachita ndi anthu amene ali ndi zoyezera. Ife pakhomo tisamangokhuthula mankhwala mongoganizira. Chimene chalembedwa pa botolo n'chakuti madzi akakhala amatope mlingo uwirikizidwe kawiri, ndipo tilekere pomwepo.

Nanga titani? Choyamba ndi kusankha potunga. Mjigo umene uli kutali ndi chimbudzi ndi khola, mamita 30 kapena kuposa, ndi wabwino kuposa chitsime chilichonse cha kudambo, ngakhale mjigowo uli patali. Amene ali pa nyanja apalase bwato n'kukatunga pamadzi oyera, kutali ndi zimbowera ndi pokocheza. Madzi amatope tiwasiye adikhe usiku wonse, m'mawa titsanulire m'chigubu china mosavundula, n'kusefa pa chitenje choyera chopinda kanayi. Kusefa pa nsalu musakuderere. Ku Bangladesh, kafukufuku amene anatsogolera mayi Rita Colwell, wofalitsidwa mu 2003, anapeza kuti m'midzi imene amayi ankasefa madzi pa nsalu yopindapinda odwala kolera anachepa ndi pafupifupi theka. Ena amathandizira kudikhitsa ndi njere zosinja za cham'mwamba, njira imene inayesedwapo pa siteshoni ya madzi ku Thyolo m'zaka za m'ma 1990. Imagwira ntchito, koma njerezo nazonso zimasiya zinthu zimene zimadya klorini, ndiye musachulutse, ndipo muzisefa bwino musanathire mankhwala.

Tinene mosabisa kuti nsalu imagwira matope ndi tizinyalala, koma siigwira amoniya, poti iye ndi wosungunuka. Madzi amene mukudziwa kuti achokera pafupi ndi chimbudzi chosefukira, kapena m'mfuleni wa m'munda wothira feteleza kumene, awiritseni mpaka abwadamuke. Nkhuni ndi zovuta, tikudziwa, makamaka pa nyanja pomwe nkhuni zomwezo zikufunika powamba nsomba. Koma a mwana wamng'ono, a mayi woyembekezera ndi osungunulira Thanzi ORS, amenewo okha awiritsidwe. Ndowa ya madzi akumwa ikhale yake yokha. Isapite kumunda ndi feteleza, isanyamule nsomba, isalowe ku bafa. Komanso kukhuthulira mankhwala m'chitsime momwemo sikuteteza kwa nthawi yaitali, chifukwa madzi atsopano amalowa pansi nthawi zonse ndi zonyansa zawo. Mankhwala athiridwe m'chigubu cha pakhomo.

M'chimbudzi ndi m'bafa

Apa ndi pamene wachitatu uja, wosasungunuka, amaonetsera mphamvu zake. Jik wamba amakhala ndi mphamvu ya 3.5%, kutanthauza kuti ndi wamphamvu kuwirikiza masauzande ambiri kuposa madzi akumwa othira mankhwala. Mukamuthira wosasungunula pa simenti pamene pali mkodzo wogonera, pamatuluka thovu pang'ono ndi mpweya wolasa. Ambiri amaganiza kuti ndiye kuti mankhwala akugwira ntchito. Chimene chikuchitika n'chakuti mankhwala akutha, ndipo amene akukolopayo akupuma poizoni. Maso amatuluka misozi, pakhosi pamayabwa, chifuwa chimabanika, ndipo kwa munthu wa mphumu zikhoza kufika poipa kwambiri. M'kachipinda kopanda zenera, chitseko chili chotseka, munthu akhoza kukomoka.

Zimbudzi ndi mabafa a pa mzikiti, pa madrasa, pa sukulu ndi pa msika ndi malo oyenera kusamala kwambiri, chifukwa pamadutsa anthu ambiri, makamaka Lachisanu, ndipo nthawi zambiri amene timawatuma kukolopa ndi ana. Dongosolo lake ndi ili: tsegulani chitseko, thirani madzi ambiri kuti mkodzo uchoke kaye, kolopani ndi sopo, tsukuluzani, kenako thirani Jik wosungunula m'madzi monga zalembedwera pa botolo. Chimodzimodzi ndi kachidebe kokodzeramo usiku ka okalamba ndi odwala, ndiponso matewera a mwana: tayani, tsukuluzani, mankhwala abwere pomaliza. Kukhuthulira Jik m'dzenje la chimbudzi kuti fungo lithe n'kungotaya ndalama. Phulusa limathandiza kuposa pamenepo, ndipo ndi laulere.

Musasakanize Jik ndi mankhwala ena aliwonse otsukira. Ena mwa mankhwala otsukira magalasi ndi pansi ali ndi amoniya. Ena otsukira zimbudzi zamadzi ali ndi asidi, ndipo asidi akakumana ndi Jik amatulutsa mpweya wa klorini weniweniwo, umene ndi woopsa kuposa kloramini. Viniga ndi madzi a batire nazonso ndi asidi. Munthu akapuma mpweya wotere, mutulutseni panja pa mphepo nthawi yomweyo, asagone chagada koma akhale tsonga, maso atsukidwe ndi madzi oyera ambiri kwa mphindi 15. Ngati akupitiriza kukhosomola kapena kubanika, pitani naye kuchipatala ndipo botolo la mankhwalawo munyamule. Musamumwetse mkaka kapena mafuta poganiza kuti zichotsa poizoni, vuto lili m'mapapo.

Wina afunsa kuti, nanga bwanji a chipatala amathira klorini pa masanzi ndi chimbudzi cha wodwala kolera? Amathiradi, ndipo n'koyenera. Iwo amagwiritsa ntchito milingo itatu: 2% pa masanzi ndi chimbudzi, 0.2% pansi, pa mabedi ndi pa ziwiya, ndi 0.05% posamba m'manja. Wa 2% uja amapangidwa wamphamvu dala podziwa kuti gawo lalikulu lidyedwa ndi zonyansazo. Mpweya umatuluka ndithu, n'chifukwa chake misasa ya kolera imakhala ya matenti opita mphepo. Ngati m'nyumba mwadwala munthu ndipo alangizi akupatsani mankhwala amenewa, thirani muli panja, mphepo ikuchokera kumbuyo kwanu, nkhope musayandikize pa chidebe.

Posungira

Feteleza ndi klorini amafika m'makomo mwathu nyengo imodzi. Novembala ndi Disembala ndi pamene matumba a feteleza amalowa m'nyumba, ndipo ndi nthawi yomweyo imene kolera amayamba ndipo HTH amagawidwa. Nyumba zathu n'zazing'ono, zonse zimakathera m'chipinda chimodzi chokhoma. Pamenepa pali ngozi imene anthu ochepa amaidziwa. HTH ali ndi mphamvu ya 65% mpaka 70%. Akakhudzana ndi Urea, Sulphate of Ammonia kapena CAN, pali chinyontho pang'ono, amatentha, amatulutsa utsi wolasa, ndipo akhoza kuyaka kapena kuphulika. Amachitanso chimodzimodzi ndi petulo, dizilo, oilo wa injini ya boti ndi mankhwala a thonje, zomwe alimi a ku Balaka amasunga m'nyumba chaka chilichonse.

Kuti wachitatu uja ndi woopsa chotani, mbiri yake ikunena yokha. Amene anayamba kumupanga payekha anali Mfalansa wina dzina lake Pierre Louis Dulong, cha m'ma 1812. Chinthucho chinamuphulikira, anataya diso limodzi ndi zala. Katswiri wa ku England, Humphry Davy, atamva za nkhaniyi anayesa naye, ndipo chinamuphulikira kumaso mpaka anakhala nthawi osaona bwino. M'masiku ovutika ndi maso amenewo ndi pamene anayamba kuthandizidwa ndi mnyamata wina womanga mabuku, Michael Faraday, amene anamulemba ntchito mu 1813 ndipo pambuyo pake anatulukira mfundo imene majenereta a magetsi amayendera mpaka lero, kuphatikizapo a ku Nkula pa Shire pathu pomwepa. Anthu amenewa ankagwira timadontho tochepa chabe, ali ndi zida. Ife tisayese n'komwe ndi supuni imodzi yomwe yatapa feteleza kenako n'kukatapa HTH.

HTH asungidwe m'chigubu chake cha pulasitiki chotseka bwino, pamalo ouma, pamthunzi, pamwamba posafika ana, chipinda chosiyana ndi cha feteleza ndi mafuta. Supuni yake ikhale yapulasitiki, youma, yosagwira ntchito ina. Posungunula, ufa ndi umene umapita m'madzi, osati madzi kuthiridwa pa ufa. Ndipo musasungire mankhwala osungunula m'botolo la zakumwa popanda kulembapo, poti mwana akaona botolo la Fanta amadziwa chinthu chimodzi basi.

Nsomba

Munthu akamwa madzi okhala ndi kloramini wochepa sipakhala vuto, chifukwa malovu ndi m'mimba zimamuphwanya asanafike m'magazi. Bungwe la WHO limalola mpaka mamiligalamu 3 pa lita m'madzi akumwa. Nsomba ilibe mwayi umenewo. Madzi amadutsa pa makha ake, pomwe pakati pa madzi ndi magazi pali kakhungu kopyapyala kwambiri. Kloramini amawotcha kakhunguko, amalowa m'magazi, n'kuwononga mphamvu ya magazi yonyamula mpweya. Nsomba zambiri zimayamba kuvutika ngakhale pa 0.1 miligalamu pa lita. Yerekezani ndi mamiligalamu 2 a m'ndowa yathu ija. Madzi omwe ndi abwino kwa mwana wanu ndi akupha kwa chambo ndi makumba a m'damu lanu. Ndi chifukwa chomwechi m'zipatala zosefa magazi a odwala impso amachotseratu klorini ndi kloramini yense m'madzi a makina awo.

Amene amaweta nsomba amve bwino apa. Pokatenga mbewu ya nsomba, kaya ndi ku malo a boma a ku Domasi kaya kwa mlimi mnzathu, madzi onyamulira akhale a m'damu kapena a mumtsinje woyera, osati a pa mpopi wa ku Liwonde kapena ku Balaka, poti madzi a Water Board amathiridwa klorini monga mwa lamulo. Pali nzeru imene imanenedwa yakuti madzi a pa mpopi mukawasiya poyera tsiku limodzi kapena awiri klorini amauluka. N'zoona kwa klorini womasuka. Koma mukaikamo tinsomba madziwo asanapume, amoniya wochokera m'makha mwawo amagwirana ndi kloriniyo, ndipo kloramini amene wapangikayo sauluka msanga chotero. Mofananamo, m'damu lothira zitosi za nkhuku kapena manyowa mumakhala amoniya nthawi zonse, choncho madzi a Jik akalowamo mphamvu yake yowononga imakhalitsa kuposa mmene ikanakhalira m'madzi oyera.

Chizindikiro chake chimafanana ndi cha kuchepa kwa mpweya: nsomba zimabwera pamwamba kukamwa kuli yasa. Kusiyana kwake n'kwakuti kuchepa kwa mpweya kumaoneka mbandakucha ndipo kumatha dzuwa likakwera, pamene za mankhwala zimayamba nthawi ina iliyonse, makamaka pafupi ndi polowera madzi, ndipo sizisintha ndi dzuwa. Zikatero tsekani polowera, fufuzani amene akuchapa kapena kutsuka kumtunda kwa mfuleni, ndipo lowetsani madzi abwino kuchokera kwina ngati alipo.

Chiyambire 2020, pamene matenda a zilonda a nsomba anapezeka koyamba m'dziko muno ku Mchinji, alimi ndi asodzi akhala akulangizidwa kusamala zida posamuka kuchoka pa madzi ena kupita pa ena. Amene amanyika maukonde, mabeseni ndi nsapato m'madzi a klorini azitsukuluza bwino kumtunda ndi kuziyanika padzuwa mpaka ziume gwa. Madzi onyikirawo atayidwe m'dzenje kutali ndi damu, mfuleni ndi gombe. Ukonde wa nayiloni usakhalitse m'menemo, klorini amaufoola ulusi, ndipo matchera masiku ano si otchipa. Pa madoko athu monga Mposa ndi Namanja, ngakhalenso ku Chiuta, amayi ogula nsomba amene amatsuka mabeseni ndi matebulo ndi Jik akuchita bwino, koma mamba, magazi ndi matumbo zichoke kaye ndi madzi ndi sopo. Mankhwala othiridwa pamwamba pa zotsalira za nsomba amathera pomwepo. Ndipo madzi ake asakhuthulidwire m'mabango a m'mphepete, m'mene tiana ta matemba ndi makumba timabisala.

Za kudimba sitichulutsa. Madzi akumwa otsala akhoza kuthiriridwa pa masamba popanda vuto. Madzi ochapira a Jik asapite pa nazale, amawaula mbande.

Kuyeza

Njira yokhayo yodziwira zomwe zili m'ndowa ndi kuyeza, ndipo kuyezako sikutenga mphindi ziwiri. A zaumoyo amagwiritsa ntchito kabokosi koonekera mkati ndi timapiritsi totchedwa DPD. Kapiritsi ka nambala 1 kakaponyedwa m'madzi, madziwo amasanduka a pinki molingana ndi klorini womasuka amene alimo. Akawonjezera ka nambala 3, mtunduwo umasonyeza klorini yense, womasuka ndi wogwidwa pamodzi. Mtundu ukakhala wofanana pa kuyeza konse kuwiri, madzi anu analibe amoniya wodetsa nkhawa. Ukakhala wotuwa pa koyamba n'kudera pa kachiwiri, ndiye kuti mankhwala anu asanduka kloramini, ndipo chitsimecho n'chokayikitsa. Chofunika n'chakuti pakatha mphindi 30 klorini womasuka asachepere 0.5 miligalamu pa lita, ndipo tsiku lotsatira, madzi omwewo ali m'chigubu, asatsike kupitirira 0.2.

Makomiti a pa mjigo, a pa doko ndi a pa mzikiti akhoza kupempha mlangizi wa zaumoyo wa m'dera lawo kuti mvula ikamayamba abwere ndi kabokosiko pa sikelo ya ana kapena pa msonkhano wa mudzi. Banja lililonse libweretse kapu ya madzi a m'chigubu chake, othira mankhwala m'mawa womwewo, ndipo linene komwe linatunga. Zitsime zimene madzi ake akulephera pa kapiritsi koyamba zilembedwe, n'kuyezedwanso pakatha sabata ziwiri mvula itakhazikika.